Makala a Zitsononkho

1.
Kununkha.
Madzi a pachitsime cha a Lufeyo akumveka ngati dimba la tomato longopopera kumene. Mvula ikagwa, mankhwala a m'madimba a kumtunda amatsikira kuno kudzamwetsa munthu amene tomatoyo salima n'komwe. M'mimba mwawo mukulira ngati chigayo.

2.
Zimene a Lufeyo sanatayepo chibadwire: misomali yopindika, mabatire akufa, patapata wa phazi limodzi. Pano sitimataya kanthu. Akazi awo, Nasimango, mawu amenewa anawaloweza kuposa Atate Wathu.

3.
Malume, ndisonkhanitsireni zitsononkho, anatero Tiyanjane, mwana wa mlongo wawo, mlangizi wa zaulimi.
Zitsononkho? Zija timapita nazo kuchimbudzi?
Osati zogwira kale ntchito, malume.
Nanga uzisiyanitsa bwanji, zili ndi ziphaso?

4.
Tiyanjane anaziwotcha mumgolo wotseka mpaka zinada bii nazifukiza ndi nthunzi kuti zichite timabowo tosaoneka ndi maso naziphwanya naziika m'ndowa yoboola pansi nathira madzi onunkha aja pamwamba uku akufotokoza kuti poizoni akalowa m'timabowomo amakanirira ngati mlendo wa pamaliro koma madzi amadutsa ndipo a Lufeyo ankangomva chimbudzi chimbudzi chimbudzi

5.
Anamwa atatsina mphuno.
Mbee, madziwo. Fungo zii. Sabata isanathe chigayo chija chinazima, koma kuyamika ayi.

6.
Makalawa akakhuta muwakwirire, malume. Dzenje lakuya, kutali. Poizoni yense wa m'chitsime ali mmenemo.
Eya, eya.
Makala atakhuta, a Lufeyo ananyamula khasu. Anayang'ana makala. Akuda bwino, osapsa. Khasu linabwerera pakhoma, ndowa inapita kuseri kwa nkhokwe. Za poizoniyo a Lufeyo sanamuuze Nasimango.

7.
Lero pambaula pali chimanga chachiwisi. A Lufeyo akukuta chimodzi, chachiwiri. Utsi ukuwawa m'maso.
Kununkha. Dimba la tomato.
Nasimango, makala awa mwawatenga kuti?
Kuseri kwa nkhokwe. Ndinawayanika ndekha, akuyaka ngati ogula. Dzulo si omwewa ndinakuwotcherani mbatata?
Thu! Akazi inu, a poizoni amenewo!
Nanga munawasungiranji, bambo? Paja pano...

A Lufeyo analavulanso, nakweza dzanja kuti aponye chitsononkho kutchire. Dzanja linaima m'malere. Kenaka linatsika pang'onopang'ono, n'kuchiika pamulu wa zinzake.