Maliro a Dzanja Lamanja la Amayi

Ndinalota adzukulu atalowa mu ofesi mwanga osagogoda. Anali ndi makasu paphewa, ndipo wamkulu wawo, a Chimbalanga a kwathu ku Ntcheu, ananyamula bango loyezera maliro. Ine ndinali pa kompyuta, ndikuyang'ana chithunzi cha mitsempha ya mu ubongo. Ntchito yanga ndi imeneyo: ndimafufuza mmene magazi amayendera m'mutu, ndi zimene zimachitika njira yawo ikatsekeka. Mitu ya eni ake ndaiona yambirimbiri mtima uli m'malo. Koma uwu unali mutu wa amayi anga, ndipo kunsi kwa kompyuta kunkadontha madzi ofiira.

"Tabwera kudzayeza," anatero a Chimbalanga.

"Kudzayeza ndani? Amayi ali moyo, ali mu wodi."

"Tikudziwa, mayi. Ife tadzera dzanja lamanja ndi mwendo wake. Uthenga munatumiza nokha pafoni kwa amalume anu, kuti mayi afa ziwalo. Ife tikamva kufa, timanola makasu."

Ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti amenewo ndi manenedwe chabe, kuti sitiroko tonse timaitchula choncho, ngakhale pawailesi. Anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza. Kenaka anati dzenje ayamba kale kukumba, lopapatiza, lokwana theka la munthu, ndipo dzenje silikwiriridwa lopanda kanthu.

"Mawu ndiwo anatiitana," anatero. "Ngati muli ndi ena, tipatseni. Ngati mulibe, tidutse nawo."

Mawu ndinali nawo, ambirinso, a m'mabuku, achizungu okhaokha. Nditatsegula pakamwa anagwa pansi ngati mabatani n'kugubuduzikira kunsi kwa tebulo. Mdzukulu wina anatola limodzi, analiluma, n'kulitaya.

Ndinathamangira ku wodi kuti ndiwapitirire. Chitseko chake chinatsegukira kudambo. Bedi la amayi linali pakati pa udzu, ndipo azimayi a mvano anali atakhala mbali ya kumanja yokha, akuliimbira dzanja nyimbo zamaliro. Amayi ankandiyang'ana, akufuna kunena kanthu, milomo ikukana. Ndinawauza azimayiwo kuti akulira polakwika, chifukwa dzanja lamanja likafooka, vuto limakhala kumanzere kwa mutu. Palibe anasuntha. Pamaliro anthu sasintha malo chifukwa mwana wasukulu wayankhula.

Ndinavula nsapato n'kulowa m'khutu lamanzere la amayi. Munali motakasuka. Munali madimba a chimanga, ndi ngalande zogawikana, zazikulu kubala zazing'ono, zonse zikuyenda madzi ofiira. Imodzi yokha inali youma, ndipo ndinaitsata imeneyo. Pakati pa dimba lake chimanga chinali chitapserera, chili bii. Chozungulira chinali chitagwetsa masamba koma chikadali chobiriwira. Malowa ndinawazindikira. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwapaka mitundu pa kompyuta, osadziwa kuti amanunkha utsi. Kudako kunkakwawa, kukudya phesi ili kenaka linzake, ndipo kumbuyo kwanga ndinkamva makasu akugundana.

Kumtunda kwa ngalande ndinapeza bambo anga, amene anatisiya ndili ku koleji. Anali atakhala pansi m'ngalandemo, atavala jekete la paukwati wawo, ndipo anakwanamo ndendende. Madzi anali atasonkhana kumsana kwawo, akusowa podutsa.

"Bambo, mwatseka madzi."

"Ndikudikira dzanja," anatero. "Ndi lomwe ndinaligwira m'tchalitchi. Ndamva kuti lamwalira."

Kwathu mwana wamkazi sauza bambo ake kuti nyamukani. Ndinagwada m'matope. Ndinkachita mantha, komanso ndinali nditawasowa kwambiri, mwakuti mbali ina ya ine inkafuna kungokhala nawo pamenepo n'kuwafunsa ngati akudya bwino. Phesi lina linada ndikuona. Adzukulu anafika, ndipo a Chimbalanga anagoneka bango lawo m'mbali mwa dimba, nayamba kuyeza chobiriwira chomwe.

"Silinafe dzanjalo!" ndinakuwa.

"Nanga latani, mwananga?" anafunsa bambo.

Ndinayang'ana masamba olendewera aja. Mawu anabwera okha, akalekale, opanda nsapato ngati ine.

"Lafota."

Makasu anasiya kulira. A Chimbalanga anatola bango lawo n'kulipukuta ndi malaya.

"Kufota si nkhani yathu," anatero. "Imeneyo ndi nkhani ya madzi."

Bambo anagwira mawondo n'kudzuka pang'onopang'ono, monga ankadzukira pakhonde. Anasasa jekete lawo.

"Ukawauze amayi ako kuti ine sindikufulumira."

Madzi anadutsa ndi mkokomo, anandifika m'chiuno, ofunda. Masamba anayamba kuimirira, mzere ndi mzere, mpaka kutali kumene maso anga analekezera. Nditacheuka kuti ndiwathokoze bambo, panali madzi okhaokha. Koma pakati paja panakhalabe bii. Madzi ankapazungulira osalowapo.

"Apa pokha m'pathu," anatero a Chimbalanga.

Sindinatsutse. Ndimaphunzitsa ndekha kuti pamene papserera sipabwerera, timangopulumutsa pozungulira. Adzukulu anapala dothi lakudalo ndi makasu, ndipo linangodzadza lichero limodzi. Mtima unakhala pansi. Dzanja latsala, mwendo watsala, dzenje lapeza chake. Ndinawapatukira kuti adutse.

Akundidutsa, ndinamva mawu akutuluka m'licheromo. Anali a amayi, akuthwa aja, amene ankandiitana nawo pofuna kundituma.

"Elube! Elube iwe!"

Ndinafunsa adzukulu kuti anyamula chiyani. Sanacheuke. Ndinayesa kuwathamangira, koma matope anandigwira miyendo, ndipo dzina langa linkamveka likuchepa, likulowera kunkhalango ya manda. Ndinachonderera kuti andisiyire chibuluma chimodzi chokha, ndisankhe ndekha.

"Madzi akatayika saoleka, mayi," anayankha a Chimbalanga ali patali.

Ndinadzidzimuka pampando wa mu wodi, dzuwa lamasana likundiwomba kumaso, anthu odzazonda odwala akukokera mabenchi. Chinachake chinkandifinya pamkono. Ndinayang'ana. Linali dzanja lamanja la amayi, zala zonse zitagwira, mofooka koma zitagwira ndithu. Misozi inangotuluka, ndikuseka ngati wamisala.

Amayi anandiyang'anitsitsa nkhope yonse, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano. Milomo yawo inalimbana kanthawi, kenaka mawu anatuluka, olemera koma omveka.

"Zikomo, adokotala," anatero mwaulemu. "Kodi mwana wanga sanabwere?"