Mphira wa Pachubu

Tandimasulireni ichi: mwana ali kumsana, koma ndiye akuyendetsa amake. Mwalephera? Ndipatseni ng'ombe ya ku Champhira, ndikuuzeni. Ndi batire la njinga yamagetsi. Ine ndinalidziwa tsiku limene ndinafuna kuti nthaka indimeze.

Feston, mwana wa mchimwene wanga, anabwera nayo njingayo kuchokera ku Joni. Pabatire, pansi pa kaliyala, analembapo dzina lake ndi penti woyera kuti Boma lonse la Mzimba lidziwe mwiniwake. Tsono ankafuna Doris, mwana wa a Chikomeni, ndipo ine, azakhali ake, ndinamuperekeza kukaonekera. Akanamukana, mtundu wathu ukanasekedwa mpaka kumaliro.

Tisananyamuke ndinamva batirelo likugogoda. Mabawuti awiri anali atamasuka, lachitatu kulibe. Ndinamupatsa mphira wa pachubu kuti amange. Anati njinga ya ku Joni siimangidwa ngati mtolo wa nkhuni. Mphirawo ndinaukulunga m'chitenje, ndinakwera.

Kunena zoona, inkathamanga. Koma titafika pamsewu wa mabampu, tikutsetsereka, ndinamva phu kumbuyo. Ndinati chagwa chinthu. Iye anati ndi mwala. Pachitunda njinga inangoti zii. Anasuzumira pansi pa kaliyala, nkhope inagwa. Mudzi unali utaoneka kale, amayi atatiwona, kubwerera kunali kovuta.

Feston ananong'oneza ine, azakhali ake: "Ndapota, ankhazi, musanene. Tidzalifuna pobwerera."

Anandipempha nditsike ndiyende pansi. Ndinakana. Suja anati imakwera yokha? Anapalasa, mwana wa eni, ine ndili phee ngati thumba la chimanga.

Kwa a Chikomeni anatipatsa mphasa. Mkamwini amayenera kukhala chete, maso pansi, akulu alankhule. Osati Feston. Atamufunsa za thukuta limene linanyowetsa malaya, anati ndi jekete la ku Joni, limatentha chomene. Anawonjeza kuti chichokereni ku Boma phazi lake silinakhudze pedulo, ndipo Doris sadzasenzanso kanthu pamutu moyo wake wonse. Ine ndinkangowerenga mabango a mphasa. A Chikomeni anapempha kuti aione njingayo ikuyenda yokha. Iye anati ikupuma kaye.

Pomwepo Doris anatulukira kuchokera kuchigayo, beseni la ufa pamutu, pamwamba pa ufa pali chibokosi chakuda. Anatula, anagwada patali, nati wachitola mumsewu, ndipo chamulemera khosi njira yonse. Anachitembenuza. Dzina lija linawala bwinobwino.

A Chikomeni anayang'ana batire, anayang'ana Feston.

"Mbwenu mwana wanga wayamba kale kukusenzerani, bambo. Mangani kaye katundu wanu, tione ngati mumatha kumanga. Za banja tikamba mukamaliza."

Feston anafufuza m'matumba, mulibe bawuti, mulibe sipanala. Anandiyang'ana ngati mbuzi yonyowa. Ndinamasula chitenje pang'onopang'ono, ndinatulutsa mphira uja, ndinampatsa ndi manja awiri, mwaulemu wake.

Anagwada pafumbi, jekete la ku Joni lili pamsana, n'kumakulunga batire ngati mtolo wa nkhuni. Oyamba kuseka anali amake a Doris, kuseri kwa nkhokwe. Kenaka bwalo lonse. Doris anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka, nati Feston akoke mphirawo kwambiri, iye sakalitolanso kachiwiri.