Galasi Lakuda la Mkamwini

Stefano sanagule helemeti ija chifukwa cha apongozi ake ayi. Anaigula chifukwa cha matama basi. Anaiona pakaunjika ku Mponela tsiku la msika, yofiira, galasi lake lakuda bii, ndipo ataivala n'kudziyang'ana pawindo la minibasi imene inaima pafupi, anaona munthu woti iye mwini akanamupatukira panjira. Anzake a kabaza pa siteji anamuseka tsiku loyamba, mawa lake n'kuyamba kumufunsa kumene anaipeza. Kunena chilungamo, inkathandiza ndithu. Dzuwa la m'mawa potsika zitunda za ku Dzoole silinkamuthobwanso m'maso, ndipo fumbi la malole a fodya linkathera pagalasipo.

Stefano anali mkamwini. Kwawo kunali ku Ntchisi, kuseri kwa mapiri, koma atakwatira Tabita anamanga m'mudzi mwa mkazi wakeyo, nyumba yake kuyang'anizana ndi ya aNachisale, mayi ake a Tabita. Akamwini ambiri masiku ano amamwa tiyi ndi apongozi awo pamphasa imodzi, koma aNachisale sanali a zimenezo. Anali mayi wa chigwirizano, osajomba kutchalitchi, komabe mwambo wa makolo anaugwira ndi manja awiri: mpongozi ndi mkamwini sayang'anana m'maso, sakhalirana pafupi. Akakumana panjira, aNachisale ankapatuka n'kugwada m'udzu atayang'ana kumbali, Stefano n'kunyonyomala mbali inayo, moni n'kumaponyerana ngati anthu amene pakati pawo pali mtsinje wodzaza. Ana awiri anabadwa zinthu zili choncho, ndipo Stefano sakanatha kukuuzani ngati mano a apongozi akewo analipo onse kapena ayi.

Vuto linabwera ndi matenda. ANachisale ankadwala kuthamanga kwa magazi, ndipo mwezi ndi mwezi ankayenera kupita kuchipatala ku Mponela kukayezetsa ndi kukatenga mapiritsi. Wapansi kunali kutali kwa munthu wa mawondo ngati awo. Ulendo wina anakwera kabaza wa mnyamata waliwiro amene anawagwetsa pachitunda n'kuwasupula bondo, ndipo anafika kunyumba atalumbira kuti njinga za anyamata sadzakweranso. Njinga yamoto inalipo pakhomo pomwepo, ya mkamwini woyendetsa mofatsa, koma imeneyo sinkatchulidwa n'komwe. Anakhala opanda mankhwala mpaka tsiku lina anawapeza atagwa kudimba, pakati pa mpiru, pakamwa patapotoka. Anawathamangitsira kuchipatala pangolo. Anachira, koma adokotala anauza Tabita mosapsatira mawu kuti akadzagwa kachiwiri sadzadzukanso.

Nzeru inachokera kwa Tabita. Tsiku lina anaona mwamuna wake akulowa pakhomo helemeti ili kumutu, iye n'kungoima chilili, lichero lili m'manja. Atamaliza kupeta anapita kwa mayi ake.

"Amayi, ndakupezerani wa kabaza wina. Ndi bambo wamkulu, wa ku Chisepo. Sathamanga, salongolola, ndipo nkhope yake saonetsa."

ANachisale anayang'ana mwana wawoyo nthawi yaitali. Njinga ya mkamwini wawo ankaimva ikulira m'mawa uliwonse, ndipo ankaidziwa monga mmene ankadziwira kulira kwa mbuzi zawo.

"Ngati ndi wa ku Chisepo, azindidikira pamjigo," anatero. "Pakhomo pano asafikepo."

Zinayamba choncho. Tsiku la kuchipatala Stefano ankatuluka m'mudzi cha kumtunda, n'kuzungulira kuseri kwa sukulu, n'kufika pamjigo galasi atatsitsa ngati munthu wochokera kutali. ANachisale ankafika ndi ndodo yawo.

"Mwadzuka bwanji, a kabaza?"

"Bwino, mayi," ankayankha Stefano ndi mawu a m'mimba.

Ankakhala chammbali, n'kuika chitenje chopinda pakati pa iwo ndi msana wa woyendetsa, dzanja litagwira chitsulo cha kumbuyo. Mudzi wonse unkadziwa, kuyambira amayi otunga madzi mpaka akulu a mpingo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatsegula pakamwa. Anthu a ku Dzoole chinsinsi chenicheni sichigona nawo tsiku, koma chinsinsi chodziwa aliyense amachisunga ngati mbewu.

Chimene Stefano sanayembekezere n'chakuti apongozi akewo anali munthu wa nkhani. Pamaso pa wa kabaza wachilendo ankamasuka. Ankadandaula za feteleza, ankanena za mlaliki wina amene akagwira guwa amaiwala kuti anthu anasiya nyemba pamoto, ankatama mdzukulu wawo Luckness kuti mutu wake ndi wa sukulu, ngakhale makutu anatengera abambo ake. Stefano ankaseka yekhayekha m'kati mwa helemetimo. Maulendo amenewa anayamba kuwakonda kuposa ena onse, ndipo nkhope ya aNachisale, imene tsopano ankaiba kuiyang'ana pakagalasi koonera kumbuyo, inayamba kubwerera m'malo mwake.

Koma walira mvula walira matope. Mu Januwale, tsiku lina mzere unatalika kuchipatala, ndipo ananyamuka ku Mponela dzuwa litapendeka. Asanafike patali mitambo inatseka, mvula n'kuyamba kuwaza, nkhungu n'kutsika m'zigwa. Kunja kunali kukanawala ndithu, koma m'kati mwa galasi lakudalo kunali ngati dzuwa lalowa kale. Stefano anakweza galasi pang'ono kuti aone msewu. Maso ake anakumana ndi a aNachisale pakagalasi koonera kumbuyo kaja, mayiwo n'kutembenuza khosi msangamsanga ngati apsa. Stefano anachita manyazi, analitsitsanso.

Ngolo anaiona atatsala pang'ono kuipsompsona. Inali itaima pakona, pamatsitso, mwini wake akukonza goli. Stefano anaponda buleki, tayala lakumbuyo linatsetsereka m'matope, njinga n'kupendekera m'mizere ya chimanga. Anaigwira ndi mwendo kuti isawapsinje, koma aNachisale anatsika mosafuna n'kukhala pansi m'matopemo.

"Mumaona bwanji ndi chimphika chakudacho?" anakuwa mwini ngolo. "Mupha agogowa, inu!"

ANachisale anadzuka okha, anapukuta chitenje chawo, anafufuza ngati mapiritsi sananyowe. Sanavulale. Atakweranso, anafunsa motsitsa mawu.

"A kabaza, kodi mumaona bwino mmenemo?"

"Ndimaona, mayi," anatero Stefano, ndipo bodzalo linamuvutitsa njira yonse.

Sabata lomwelo wapolisi wa pamsewu anamuimitsa akulowa mu Mponela. Anali mayi wamtali wosakonda kukweza mawu. Anaona mapepala, anawabweza, kenaka anagogoda galasi lija ndi chala.

"Tavulani, bambo."

Stefano anavula. Wapolisiyo anaitenga helemetiyo, anapita nayo pamthunzi wa mtengo, n'kusuzumira pagalasipo chakumsewu.

"Apa ndi masana, koma ine ndikuona madzulo. Nanga kukachita mitambo mumaona chiyani?"

"Imathandiza dzuwa, bwana. Ndi fumbi."

"Fumbi galasi loyera limatchinganso. Dzuwa mutha kuvalira magalasi a m'maso, oti mitambo ikabwera muchotsa n'kuika m'thumba. Komanso ife timafuna kuona nkhope ya munthu amene wanyamula anthu. Lero pitani. Ndikadzakupezaninso nayo, njingayi idzagona kwathu."

Pa siteji nkhaniyi inautsa mkangano. Trust, mnzake wa Stefano amene sasowa yankho, analumbira kuti masana galasi lakuda ndi lololedwa, wapolisiyo wangofuna kumuopseza. Wina anati zimatengera kuda kwake. Wina anati lamulolo analimva pawailesi, koma atamufunsa kuti linkati chiyani anayamba kukanda kumutu. Stefano sanalowerere. Lamulo likanati kaya inde kaya ayi, iye ngolo ija ankaionabe akatsinzina. Tsiku lomwelo anagula helemeti ina, yotuwa, yosasangalatsa, ya galasi loyera mbee loonetsa chilichonse mpaka chipsera cha pamphuno.

Tabita anakanena kwa mayi ake kuti bambo wa ku Chisepo uja apolisi amuletsa galasi lake. ANachisale anali kusenda maungu. Sanadzutse mutu.

"Achita bwino apolisiwo," anatero. "Munthuyo akanadzafa chifukwa cha ine."

"Nanga kuchipatala, amayi?"

"Miyendo ilipo."

Tabita anabwerera akulira. Stefano anapsa mtima, koyamba kupsera mtima apongozi ake chikwatirire. Mwambo wanji woti munthu afe njinga ili pakhonde? Koma mkamwini sakalipira mpongozi, ndiye ukali wake anautsirira patcheni cha njinga, kuchipukuta ngakhale chinali choyera kale. Anaganiza zovala yakuda ija m'mudzi mokha n'kukasintha kutsogolo, koma kusinthako akanachita pamaso pa ndani? Ndiponso malo oopsa anali zitunda zomwezo za kufupi ndi mudzi, ndipo mvula inali isanathe. Anaopa kwambiri. Ankawerengera masiku poona Tabita, amene m'mawa uliwonse ankabwera kuchokera kwa mayi ake nkhope ili yogwa kuposa dzulo, chifukwa mapiritsi anali kutha m'kabotolo.

Tsiku la kuchipatala linafika kukuwaza kamvula. Stefano sanazungulirenso kuseri kwa sukulu. Anapita pamjigo molunjika, atavala helemeti yatsopano ija, yakale atamangirira kumbuyo kwa njinga poti Trust anali ataipempha. Sanadziwe chimene ankadikira. Anangoona kuti kukhala kunyumba sangathe.

ANachisale anatulukira ndi ndodo yawo, nsapato zili m'manja, atamanga chitenje cholimba ngati munthu amene watsimikizadi kuyenda wapansi. Ataona nkhope ya mkamwini wawo ili poyera, anapatuka n'kugwada m'udzu wonyowa, kuyang'ana kumbali. Stefano anatsika panjinga, anavula helemeti, ananyonyomala mbali inayo. Mjigo unasiya kulira. Amayi onse amene ankatunga madzi anapeza chochita ndi zidebe zawo, makutu ali tcheru.

Kenaka aNachisale anaitana mmodzi mwa amayiwo, mwana wa mchemwali wawo.

"Agnesi, tawafunsa bambo a Luckness. Chipewa chakuda chija anataya?"

Agnesi anatembenuka, ngakhale Stefano anali atamva yekha. "Akuti chipewa chakuda chija munataya?"

"Auzeni kuti chilipo. Ndi icho chili kumbuyo kwa njingacho."

"Akuti chilipo."

"Tanditengera."

Agnesi anamasula chingwe n'kubwera nayo helemetiyo ataigwira ndi manja awiri ngati mbale ya alendo. ANachisale anaitembenuza uku ndi uku, anainunkhiza, anakwinya mphuno.

"Anamwino aja amatiuza kuti wokwera nayenso azivala," anatero, osayang'ana munthu. "Ndipo wokwera alibe msewu woti aziuyang'ana."

Anaivala pamwamba pa duku. Inakana kulowa, Agnesi anaikanikiza, inalowa. Anawamangira lamba pansi pa chibwano, ndipo aNachisale anakweza dzanja n'kutsitsa okha galasi lija, kwapu! Pamjigo panaima munthu wamfupi wa chitenje cha maluwa, ndodo m'manja, mutu wofiira wonyezimira, nkhope palibe. Mayi wina analuma nsonga ya chitenje chake kuti asaseke, mapewa okha akugwedezeka.

"Agnesi," mawu anatuluka m'katimo ngati ochokera m'mtsuko, "uwauze bambowo kuti pali mayi wina wachilendo akufuna kupita ku Mponela. Ngati ali ndi malo."

Stefano sanadikire Agnesi. Anaimirira, anavala helemeti yake, analiza njinga.

"Malo alipo. Kwerani, mayi."

Anayenda. Kamvula kankawazabe, koma msewu wonse unkaoneka: ngalande zimene madzi anakumba usiku, mbuzi yogona pakona, ana a sukulu atafunda masamba a nthochi. Pakagalasi koonera kumbuyo pankangooneka chinthu chofiira chikugwedezeka. Kwa nthawi yaitali mayi wachilendoyo sanalankhule, ndipo Stefano anayamba kuda nkhawa kuti nkhani zija zathera pomwepo, kuti tsopano azingonyamula katundu wosayankhula. Anadutsa pakona pamene panali ngolo paja.

Atayamba kukwera chitunda chachikulu, anamva kugogoda pang'ono paphewa pake. Sichinali chala. Inali nsonga ya ndodo.

"Bambo inu, ndinu a konkuno?"

"Eya, mayi. Ndinakwatira konkuno."

"Ndiye mwina mukumudziwa mayi wina wovutavuta, Nachisale."

"Ndimawadziwa."

"Ife kwathu timamva mbiri yake. Akuti Mulungu sanamupatse mwana wamwamuna, ndipo ankadandaula nazo zaka zambiri." Njinga inkalira pachitundapo. "Akuti masiku ano anasiya kudandaula. Mkamwini wakeyo mukadzakumana naye, mudzamuuze zimenezo. Mwini wake sangathe kumuuza."

Chimwemwe chinamugwira Stefano mpaka misozi, ndipo galasi loyeralo silinabise kanthu. Bambo wina amene ankatsika ndi njinga yakapalasa anamuyang'ana modabwa, n'kucheukanso kachiwiri.

"Ndikamuuza, amayi," anatero pomaliza.

"Chabwino. Tsopano yang'anani kutsogolo, tingachedwe pamzere."