Mphutsi mu Ubweya wa Seren

Emrys Pugh sankawerenga nkhosa zake, ankazinunkhiza. M'mawa uliwonse ankakwera phiri n'kuima m'nkhungu atatsinzina, mphuno ili m'mwamba. Fungo la ubweya wonyowa linkamutengera kutali, mpaka kuiwala kuti kumunsi kuli nyumba, mkazi ndi tiyi wozizira.

M'mawa wina mu Julaye mphepo inabweretsa fungo lowola. Seren, nkhosa yake yobereka mapasa chaka chilichonse, inali itagona yokha m'mbali mwa mpanda wamiyala. Ntchentche zobiriwira zinkaizungulira mwaulesi. Atapatula ubweya, anapeza mphutsi zili nyakanyaka.

Mkazi wake Nesta anaimbira Meinir, dokotala wa ziweto wa m'chigwamo.

"Bwera, mwanawe. Mphuno ya amunanga yachedwa."

Meinir anameta pabalapo, kuchotsa mphutsi n'kutsuka. Kenako anatukula mwendo wa Seren.

"A Pugh, vuto layambira kuno. Khungu la pakati pa ziboda laola. Ikagona, mafinya amapakika m'nthiti, ntchentche n'kuikira mazira pomwepo. Zotsimphina zilipo zingati?"

"Zisanu ndi zinayi. Ndimazisenga ziboda ndi mpeni wa malemu bambo."

"Mpeni umodzi nkhosa zonse? Ndiye mukugawatu matenda ngati keke ya kutchalitchi!"

"Ndinkanena ine," anatero Nesta. "Koma munthu wa kumitambo angamve?"

Meinir anabaya jakisoni zodwalazo n'kuzipatula. "Gulu lonse lilandire katemera wa matenda a ziboda. Ntchentche zokha sitizitemera: mukameta, thirani mankhwala pamsana. Mukachedwa, nkhosa imafa m'masiku ochepa."

Patatha milungu itatu, Seren inkadya msipu itaima ndi miyendo yonse inayi. Emrys anaiyang'ana nthawi yaitali, mitambo ikutsetsereka paphiri ngati nayonso ndi nkhosa.

"Lotani muli chiimire," anatero Nesta, "koma nkhosa zina mazana awiri zikadali kumtunda, zosatemera. Fungo likamveka, matenda afika kale patali. Nkhosa timaiteteza isanadwale."

Emrys anakanda kumutu. "Ndi ulendo wa masiku awiri kuzisonkhanitsa."

"Meinir akubwera Lachinayi."

Emrys anaika m'chikwama buledi, tchizi, botolo la tiyi ndi masokosi ouma, n'kuchitsamiritsa pachitseko.

"Ndinyamuka kukangocha. Uuze Meinir abweretse katemera wokwanira zonse."