Alandilodi Atsopano a Imelda

Imelda ankachita geni ya zitenje. Ankakapikula ku Chipata n'kudzagulitsa pamsika wa pa Boma ku Mchinji, ndipo geni imeneyi ndi imene inkalera ana ake awiri chimwalirireni bambo awo. Nyumba imene ankakhala, kuseri kwa msika, inali ya lendi, koma mlendo sakanadziwa. Denga litayamba kudontha anagula yekha malata, pansi anaika simenti, pakhomo anakoketsa madzi. Eni ake, a Titus, anali mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo ankamutenga Imelda ngati mwana wawo.

Tsiku lina a Titus anafika akutsimphina, nakhala pakhonde.

"Make Tawonga, miyendo yandithera ine," anatero mkuluyo. "Mwana wanga wa ku Lilongwe akuti ndizikakhala kwa iye, pafupi ndi madokotala. Nyumba ino ndikugulitsa, koma sindinauze munthu. Ndayamba ndi inu poti mwaisamala. Ngakhale muzipereka pang'onopang'ono, tidzamvana."

Imelda mtima unadumpha, kenako mantha anamugwira. Kugula nyumbayo kunali kutsanulira mpamba wonse pamalo amodzi. Woti n'kumufunsa nzeru analipo mmodzi yekha, Dyna. Awiriwa anayambira limodzi geni, ankasungirana katundu kuboda ya Mwami, ndipo pamaliro a mwamuna wa Imelda, amene ankagona pambali pake m'nyumba ya siwa anali Dyna yemweyo.

Anamuuza nkhaniyo ali pamzere wodinditsa mapasipoti kuboda.

"Iwe, mutu ukuyenda?" Dyna anatero. "Nyumba amadya? Ukakwirira mpamba m'njerwa, Tawonga fizi umupezera kuti? Ife a geni timafuna ndalama yoyenda. Lendi ndi ufulu, mnzanga. Malo akakuipira umangonyamula mphasa yako."

"Komatu lendi ndaperekayi, bwenzi pano ndili ndi yangayanga."

"Yakoyako yotani, yakalekale ija? Mng'alu wa kuchipinda uja sunauone? Mdalayo akufuna akutule mtolo. Akuti mtengo wake bwanji?"

Imelda anamuuza mtengo, anamuuzanso zoti mkuluyo akulola kulipira pang'onopang'ono. Dyna anapukusa mutu ngati wamva zachisoni.

Sabata imeneyo Imelda anapita kwa a Titus kukanena kuti sakwanitsa. "Ndimafuna ikhale yanu," anatero mkuluyo.

Mvula itatha, m'mawa wina Imelda akuchapa pampopi, anamva kuodira. Anali a Titus, pambuyo pawo Dyna atatchena, ndi bambo wina wonyamula tepi yoyezera. Imelda anaganiza kuti angokumana panjira.

"Ndabwera kudzatsanzika," anatero a Titus, "komanso kudzakuonetsani eni nyumba atsopano. Ndasangalala kuti ndi anzanu. Akuti munawatuma ndinu, kuti nyumba isapite kwa achilendo."

Imelda anaimirira, thovu la sopo likuyenderera m'mikono. Anayang'ana Dyna. Dyna ankayang'ana malata.

"Ndinawatuma ine?"

"Imelda, usazitengere patali," Dyna anayankha mothamanga. "Iwe unakana wekha. Ndikanaisiya ikanagulidwa ndi a mathiraki, bwenzi akukutulutsa mawa lomwe. Palibe chisinthe. Uzikhala momwemu, lendi uzingopereka kwa ine."

"Si iwe unati nyumba sadya?"

"Zinthu zimasintha."

"Nanga mng'alu uja watsekeka?"

Bambo wa tepi uja anapita kuseri ngati waitanidwa. A Titus nkhope inagwa, pakuti apa m'pamene anazindikira chimene chinachitika. Anayamba kupepesa, koma Imelda anawaletsa.

"Inu bambo simunalakwe. Munabwera kwa ine poyamba, ndipo ndikuthokoza. Muyende bwino."

Atachoka onse, Imelda anakhala pansi pafupi ndi beseni, zovala zili m'madzi. Nyumbayo sinkamupweteka kwambiri. Chinkamudya mumtima chinali choti pamzere paja Dyna ankamuyang'ana m'maso, akulankhula ngati m'bale, pamene m'mutu anali atayamba kale kuyeza zipinda. Ankadzifunsa kuti nanga zina zonse zimene anamuululira m'zaka zonsezi, mnzakeyo ankazimva ndi khutu liti.

Dyna anatumiza mauthenga pafoni, wina wopepesa, wina wonena kuti lendi saikweza chaka chino. Imelda sanayankhe. Mwezi usanathe anapeza zipinda ziwiri zopanda magetsi kunjira ya ku Kapondo, nasamutsa katundu pangolo. Tawonga, mwana wake wamkulu, analira posiya anzake, nafunsa chifukwa chimene sakanangokhala poti eni ake ndi anti Dyna.

"N'chifukwa chake tikuchoka," mayi ake anamuyankha.

Kumeneko Imelda anagula kapoloti kopanda nyumba, kodzaza ndi ziputu za chimanga. Geni inafooka, zitenje pabenchi zinachepa, ndipo masiku ena ankadzuka akudziona ngati wopusa kawiri. Koma dzuwa la Okutobala lisanafike, njerwa zinali zitaumbidwa, zikudikira kuotcha. Nyumba ya kuseri kwa msika ija Dyna anaipenta, nalowetsamo anyamata othandiza madalaivala pamapepala a kuboda.

Kutchalitchi Imelda ndi Dyna sakanazembana, poti onse ankaimba kwaya imodzi. Lamulungu lina pa Misa, wansembe atanena kuti anthu apatsane moni wa mtendere, Dyna anadumpha anthu awiri nadzatambasula dzanja. Amayi a m'kwaya, amene nkhani yonse ankaidziwa, anasuzumira. Imelda anapereka dzanja lake, pakuti munali m'nyumba ya Mulungu. Dyna analifinya, akunong'ona kuti akambirane akatuluka. Imelda anabweza dzanja mwakachetechete, natembenukira kwa mayi wina amene anali kumanzere kwake.