Foni Yachitatu pa Rauta Yathu

Mwana wanga Sankhani anali ndi masabata atatu pamene foni yanga inasiya kuona kunyumba kwathu.

Ndinachirira kwa amayi ku Mtunthama. Amuna anga, a Davison, anatsala ku Santhe poti inali nyengo yosankha ndi kudinda fodya. Chaka chatha akuba atatithyolera chigafa, tinagula makamera awiri ndi kakompyuta kosunga zithunzi, kamene kamakhala pansi pa tebulo pabalaza, kolumikizidwa ku rauta. Kamera ina imayang'ana kuchigafa, ina pakhonde. Mwana akamayamwa ndinkatsegula foni n'kumaona nkhuku zanga, matenanti akusenza mabelo, a Davison akupukuta njinga yamoto. Mtima unkakhala m'malo.

Lolemba lina zithunzi zinakana kubwera. Ndinagula bandulo ina. Ndinazimitsa foni n'kuyatsanso. Ndinakaima pachulu kuseri kwa khola, pomwe netiweki imagwira bwino. Ayi ndithu.

"Ndi sola imeneyo, mayi a Sankhani," anatero a Davison nditawafunsa. "Batire latopa. Inu zisiyeni, samalani mwana."

Ndinavomera, koma chinthu chimodzi chinkandisowetsa mtendere. M'nyumba mwathu foni sigwira popanda rauta, ndiye iwo ankandiimbira ali pabalaza, wailesi ikumveka. Batire lotopa lisankha bwanji choti lizimitse?

Patatha masiku asanu ndi anayi ndinaimbira a Prosper, okonza mafoni pa Santhe, amene anatiikira makinawo. Anapita masana. Anapeza a Davison ali ku okushoni, chitseko chotseka, koma wayifayi imafika pakhonde.

"Rauta ili bwinobwino, alamu," anatero. "Khomo limene ndinakutsegulirani lilinso chitsegukire."

"Nanga bwanji sindikulowa?"

"Mukudziwa kuti rauta imapatsa chipangizo chilichonse nambala yake. Kakompyuta kanu kanali pa 20. Inu mukagogoda muli kutali, rauta imakulozerani pa 20 pomwepo. Kulakwa kwanga n'kwakuti nambalayo sindinaikhomerere."

"Ndiye yasintha?"

"Kakompyutako sikakuoneka n'komwe. Wina anakazula kumagetsi. Rauta itaona kuti 20 ilibe mwini, inapatsa chinthu china."

"Chinthu chanji?"

Ndinamva akupuma. Chapatali tambala wathu analira.

"Ndikutumizirani chithunzi. Koma ine simunandione, alamu. Ndili ndi ana."

Pachithunzipo panali mafoni atatu. Pa 23, *Prosper Shop*. Pa 21, foni yakale ya a Davison imene amasiya patchaja. Pa 20 panalembedwa *Lefina wa Yesu*, ndipo pambali pake rauta inasonyeza kuti foniyo ili momwemo nthawi imeneyo, m'nyumba yotseka.

Lefina tinakhala desiki imodzi kuyambira Fomu 1. Ndiye anandigwirizira diresi tsiku la ukwati wanga. Sabata yomweyo anali atandilembera kuti, "Achemwali pepani, ndili ku Mzuzu, mwana ndidzamuona ndikabwera." Dzina la pafoniyo ndinamulembera ndine pamene ankaigula.

Sindinalire. Ndinamuvula Sankhani zovala zonse n'kumugoneka pachitenje. Ndinadina timiyendo take ndi chala kuti ndione ngati tatupa. Ndinaika khutu pachifuwa chake. Kwathu kuno mwana asanatengedwe kumphasa amakhala wozizira, ndipo makolo onse awiri amadika. Bambo akayenda njira zina n'kudzamunyamula, amati mwana amatupa, amatsokomola, tsempho. Kusikelo anamwino amatiuza kuti kumeneko n'kunyentchera chabe. Inenso ndinayankha choncho pamayeso a kusukulu, ndipo ndinakhoza. Koma pamayeso sanandifunse za mwana wanga.

Loweruka m'mawa njinga yamoto inalowa pabwalo. A Davison anatsitsa sopo, shuga ndi nkhuku yomanga miyendo. Amayi anawayalira mphasa pansi pa mango, n'kulonjerana nawo mpaka za mitengo ya fodya. Ine ndinatuluka mwana ali kumsana, chitenje nditamanga mfundo ziwiri.

"Tabwera nayeni bwanayo timuone," anatero akumwetulira, manja atatambasula.

"Muoneni pomwepo."

"Feliya," anatero amayi, "bambo wake ameneyo."

"Ndikudziwa, amayi." Ndinagwada chapatali. "Bambo a Sankhani, kakompyuta kaja anazula ndani?"

"Ndinakuuzani kuti batire."

"Batire lili bwino. Likutchajanso foni ya Lefina."

Manja aja anatsika pang'onopang'ono mpaka pamaondo. Anayang'ana amayi, kenako nkhuku.

"Zimenezo ndi za makina. Makina amasokoneza."

"Chabwino. Ngati asokoneza, nenani pamaso pa amayi kuti mwadika, ine ndimasule chitenjechi mumunyamule. Mwana ndi wanu. Chimene chimuchitikire mukhala mwasankha ndinu."

Ndinagwira mfundo yoyamba n'kuyamba kumasula. Ndinkapemphera kuti alankhule, aname kumene, andikalipire.

"Musamasule," anatero chapansipansi.

Amayi anadzuka. Anakunga chitenje chawo, n'kulowera njira ya kwa amalume, amene ndi ankhoswe athu. Ine ndinamanganso mfundo ija n'kulowa naye mwana m'nyumba.