Masamba Achikasu M'munda wa Ireen

Moni nonse owerenga, inu amene manja anu anazolowera mpini wa khasu. Tiyamike Mulungu potisunga amoyo kufikira lero. Tamverani zimene zinaonekera banja lina kufupi ndi Vubwi.

Mvula inadula mu Febuluwale, ndipo panatha masabata atatu kumwamba kuli mbee. Chimanga cha m'mudzi monse chinapserera. Ireen Tembo anali atabzala mapira opirira chilala kumunda wa m'mbali mwa phiri, ndipo chakudya cha banja lake chaka chimenecho chinatsalira pamenepo. Koma nawonso mapirawo anayamba kusintha. Masamba a m'munsi anasanduka achikasu, ndipo masana a pamwamba ankapindika ngati fodya wopichira.

Mwamuna wake Gervazio anabwera kuchokera kumundako nkhope ili gwaa.

"Mayi a Alice, mapira anu aja atha. Mawa ndilowetsamo ng'ombe. Zidyeko, zisanatigwere ndi njala."

"Bambo a Alice, ndipatseniko tsiku limodzi lokha."

"Tsiku limodzi lingadzutse zakufa? Kapena mukawaimbire nyimbo za kukwaya kwanu kuja!"

Ireen anakwera njinga n'kupita kwa Mayi Sakala, alangizi a zaulimi a m'deralo. Iwo atamva anati, "Ndifika mawa m'mamawa dzuwa lisanatenthe. Munda wa ng'amba sauweruza masana."

Kutacha, alangizi aja anapeza Gervazio ali kale pamalire a munda ndi ng'ombe zake ziwiri.

"A Tembo, tazimangani kaye pamtengopo. Bwerani muone."

Gervazio anazimanga monyinyirika. Atalowa m'mizere anaima. Masamba amene dzulo anali opindika anali atatambasuka.

"Koma a m'munsiwa ndi achikasube," anatero. "Kumeneku si kufa?"

Mayi Sakala anathyola tsamba limodzi. "Kubiriwira kwa tsamba ndiko kumagwira kuwala kwa dzuwa n'kupangira mbewu chakudya. Ntchito imeneyi imafuna madzi. Madzi akachepa, mbewu yopirira imaphwanya kubiriwira kwa masamba akale, n'kusamutsira zofunikazo kunsonga kumene ikukulira. Monga mayi nthawi ya njala, amachepetsa m'mbale mwake kuti mwana akhute. Mayi Tembo, tasuzumirani pamtima pa phesilo."

Ireen anakanula masamba a pamwamba. M'katimo munali mobiriwira ndi mofewa.

"Ali moyo!" anafuula. "Bambo a Alice, taonani nokha!"

"Mukanapeza pamtimapo pouma ndi pofiira, ndikanakuuzani zoona kuti afa," anatero alangiziwo. "Awa angodikira. Ndipo a Tembo, mapira ofota ndi chilala amakhala ndi poizoni. Ng'ombe zikadya zimatha kufera pomwepo."

Gervazio anayang'ana ng'ombe zake, kenaka anavula chipewa n'kudzikupiza nacho. "Ambuye, ndikanapha munda ndi khola tsiku limodzi. Nanga tithiremo feteleza kuti abiriwirenso?"

"Iyayi. Feteleza panthaka youma amawotcha mizu. Dikirani chinyontho. Lero zulani udzu ndi manja, muuyale m'mizere pamodzi ndi mapesi a chimanga chopserera chija, kuti nthaka isapse."

Anagwira ntchitoyo masiku atatu. Gervazio ndiye ankasenza mitolo yaikulu, osadandaula ngakhale pang'ono. Tsiku lililonse m'mawa Ireen ankayendera mizere, akusuzumira pansonga ndi kupemphera chamumtima. Masamba achikasu ankachuluka, ndipo tsiku lina nayenso mtima unamugwa. Koma nsonga zinali zobiriwirabe.

Patatha masiku asanu ndi anayi mvula inagwa. Masamba akale aja sanabwerere, koma pamwamba panatuluka atsopano, kenaka ngala. Sizinali zazikulu ngati za chaka chabwino, komabe nkhokwe inadzaza kupitirira theka.

Pa Sabata la zothokoza, Ireen anasenza lichero la mapira kupita nalo kutsogolo kwa tchalitchi, mutu uli chilili. Amayi analulutira. Gervazio anaimirira n'kuyankhula.

"Abale, banja langa lidya chaka chino chifukwa mayi awa anakafunsa alangizi ine ndisanaononge munda."

Phunziro lake ndi ili: tsamba lachikasu nthawi ya ng'amba silitanthauza kuti mbewu yafa. Yenderani munda m'mamawa, yang'anani pansonga, phimbani nthaka, ndipo funsani alangizi musanazule kapena kulowetsa ziweto.

Ambuye adalitse minda yanu ndi manja amene amailima. Akupatseni mtima wodekha pamene kumwamba kwauma, ndipo ana anu asagone ndi njala. Ameni.